Ulendo wa ku Gorongosa ndi ku gombe la Beira

Anthu ambiri a m'maboma a m'malire, monga Angónia, Tsangano ndi Macanga, amadziwa bwino misika ya Lizulu ndi Dedza kuposa malo otchuka a dziko lawo lomwe. Akamva za tchuthi amati zimenezo n'za azungu ndi anthu a ndalama. Koma ntchito ya kumunda ikatha, chimanga chili m'nkhokwe ndipo kachewere wagulitsidwa, pali ulendo umene banja, sukulu kapena gulu la mpingo lingathe kusonkherana: kukaona nyama ku Gorongosa ndi kutsikira ku nyanja ya mchere ku Beira, m'chigawo cha Sofala.

Wonyamuka ku Ulónguè amakwera chapa kupita ku Tete, kudzera ku Moatize kumene kuli migodi ya malasha. Akaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, juzi ya kumapiri imakhala ilibenso ntchito chifukwa cha kutentha. Msewu umadutsa pakati pa milambe ku Changara, kenaka Guro ndi Catandica, mpaka ku Chimoio, mtunda wa makilomita pafupifupi 390. Pa mphambano ya Inchope munthu amakhotera kumpoto, kuoloka mtsinje wa Púnguè, ndi kutsata msewu wa fumbi wopita ku Chitengo, kumene kuli maofesi ndi malo ogona alendo. Ndi ulendo wa masiku awiri.

Nkhalango ya Gorongosa ili kumathero kwa chigwa chachikulu chomwe muli nyanja ya Niassa ndi mtsinje wa Shire. Inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa a dziko m'chaka cha 1960, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 4,000. Nkhondo isanayambe munali njovu zoposa 2,000 ndi njati pafupifupi 14,000.

Nkhondo ya zaka 16, imene inathamangitsira anthu pafupifupi 1 miliyoni ku Malawi, siinasiye nyama. Asilikali a mbali zonse ziwiri ankapha njati ndi mbidzi kuti apeze ndiwo, ndipo minyanga ya njovu ankagulira zida. Nkhalango inatsekedwa mu 1983. Pamene mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, pa nyama zikuluzikulu 10 zilizonse, 9 zinali zitatha. Njati zotsala sizinkakwana 100.

Chipsera cha nkhondoyo chikuonekabe. Njovu zazikazi zambiri za ku Gorongosa zilibe minyanga. Opha njovu ankasiya zimene zinabadwa zopanda minyanga, choncho zimenezo ndizo zinapulumuka ndi kubereka ana ofanana nazo. Njovu zakale sizinaiwalenso, ndipo zina zimathamangitsa galimoto ikayandikira.

Monga mmene othawa nkhondo anabwerera ndi kulimanso m'mabwinja, nyamanso zinabwerera. Mu 2008 boma linasaina mgwirizano wa zaka 20 ndi bungwe la Greg Carr wa ku America woti akonzenso nkhalangoyi. Anaphunzitsa alonda, anachotsa misampha ya waya, ndipo anabweretsa njati ndi nyumbu kuchokera kwina. Mimbulu, imene inatheratu, anaitenga ku South Africa mu 2018. Chaka chomwecho, powerenga ali mu ndege, anapeza nyama zikuluzikulu zoposa 100,000. Ku Chitengo komweko, pa 1 Ogasiti 2019, Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade anasaina pangano loleka kumenyana.

Alendo amalowa m'tchire m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, pa galimoto yopanda denga, pamodzi ndi munthu wodziwa njira. Njiri ndi anyani zimapezeka pakhomo penipeni. Kupitirira mitengo ya migwalangwa kuli dambo lalikulu lozungulira nyanja ya Urema, ndipo m'dambomo agwape akuluakulu okonda m'mbali mwa madzi ali mbwee ngati ng'ombe za mudzi wonse. M'madzi muli mvuu ndi ng'ona, m'mitengo muli nkhwazi. M'mphepete mwa dambo muli nyumba yakale imene anthu anaisiya chifukwa cha madzi osefukira, mikango n'kuisandutsa yake, mwakuti mpaka lero imatchedwa Casa dos Leões. Mkango suoneka tsiku lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mlimi akafika kumeneko funso lake limakhala limodzi: nanga njovu zikalowa m'munda? Vutolo lilipo ndithu. Njovu zimaoloka Púnguè usiku ndi kudya chimanga cha anthu, ndipo banja likhoza kutaya chakudya cha chaka chonse usiku umodzi. Njira ina imene akugwiritsa ntchito ndi kupachika ming'oma ya njuchi pa waya m'malo amene njovu zimadutsa. Njovu ikakhudza waya njuchi zimabalalika, iyo n'kubwerera, ndipo eni munda amapezanso uchi wogulitsa. Pa phiri la Gorongosa, lotalika mamita 1,863, alimi akubzala khofi pansi pa mitengo yachilengedwe m'malo motentha nkhalango. Lamulo la dziko limanenanso kuti magawo 20 pa 100 a ndalama zimene boma limatolera m'malo otetezedwa azipita kwa anthu ozungulira. Anthu akapanda kuona phindu, misampha imabwerera.

Madzi a Púnguè amakathera m'nyanja ya mchere ku Beira, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa Inchope. Wobadwira kumapiri akaima pa gombe la Macuti amasowa chonena, chifukwa tsidya lina silioneka. Madziwo samweka, ndipo kawiri pa tsiku amathawa kutali kusiya mchenga ndi matope, kenaka n'kubweranso mofulumira. N'chifukwa chake ana sayenera kuloledwa kutsata madzi pamene akuphwa. Pagombepo pali nsanja ya nyale yotsogolera zombo, yofiira ndi yoyera, imene inamangidwa mu 1904, ndipo pafupi pake pali mabwinja a chombo chodyedwa ndi dzimbiri. Asodzi amagulitsa nsomba ndi nkhanu pomwepo akangokocheza ngalawa.

Pa doko la Beira ndi pamene pamatsikira feteleza ndi mafuta amene magalimoto akuluakulu amadutsa nawo pa Zóbuè ndi Calómuè. Mzindawu unaphwasulidwa ndi namondwe Idai mu Malichi 2019, koma anthu ake anafoleranso nyumba zawo ndipo doko likugwira ntchito.

Ofuna kuyenda asankhe miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, chifukwa nthawi ya dzinja dambo limadzaza madzi ndipo misewu ya m'nkhalango imatsekedwa. Atenge chiphaso chawo, neti ya udzudzu, madzi akumwa ndi kamba wa panjira, ndipo afunse mitengo ya polowera ndi ya malo ogona asananyamuke. M'tchire palibe kutsika galimoto, kukuwa kapena kuponyera anyani chakudya.

Ana ambiri a m'malire njovu amangoimva m'nthano za agogo, ndipo nyanja ya mchere amaiona pa mapu a kusukulu. Zonse ziwiri zili m'dziko lawo la Moçambique, ndipo kukazifika sikulira pasipoti.