Sitalaka ya ku Chanco ndimaionera pa benchi

Anzanga a mumsika, tikamva kuti aphunzitsi a ku yunivesite anyanyala ntchito, ambirife timangoti, "Akhuta amenewo." Ine mawu amenewa sindiwavomereza, ngakhale ndili wogulitsa tomato ndi anyezi ngati inu nomwe.

Taganizani za chiphaso cha mumsika. Akachikweza, iwe n'kupita wekha ku ofesi kukadandaula, amakuuza kuti ngati sukufuna, siya benchiyo alowepo wina. Koma komiti ikapita m'dzina la msika wonse, mipando imapezeka, nkhani n'kukambidwa. Nawo madokotala a maphunzirowa ali chimodzimodzi. Madigiri ali nawo, inde, koma pamaso pa wowalemba ntchito, mmodzi ndi mmodzi basi.

Lamulo la ntchito la 1996 limati bungwe likakhala ndi antchito 20 mwa 100 alionse pamalopo, bwana ayenera kukhala nalo pansi n'kukambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito. Sachita kukomera mtima ayi, ndi lamulo.

Koma nkhani imene inandigwira mtima ine si ya malipiro. Mu Febuluwale 2011, mkulu wa apolisi a Peter Mukhito anaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa zandale ku Chancellor College ku Zomba. Mlandu wake? M'kalasi anayerekeza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi mavuto amene anautsa anthu ku Tunisia ndi ku Egypt. Ndiye funso n'lakuti, zokambidwa m'kalasi zinafika bwanji kupolisi? Ndani anakhala pakati pa ana asukulu n'kumatola mawu?

Ife amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi fungo limeneli timalidziwa. A Jack Mapanje, mphunzitsi wa pakoleji yomweyo, anawatsekera ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuwazenga mlandu. N'chifukwa chake malamulo a dziko a 1994, pa gawo 33, anatchula poyera ufulu wa maphunziro.

Bungwe la aphunzitsi la CCASU, motsogozedwa ndi mayi Jessie Kabwila, linati sitilowa m'kalasi mpaka a Mukhito apepese ndipo atitsimikizire kuti akazitape kulibe. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anati kupepesa kulibe. Aphunzitsi anayi anachotsedwa ntchito, kuphatikizapo mayi Kabwila ndi a Chinsinga. Apa ndiye panali pothawira, poti aliyense ali ndi ana ndi ngongole zake. Anzawowo sanathawe. Mu Okutobala chaka chomwecho anayiwo anabwezeredwa pantchito. A Chinsinga akanakhala okha, bwenzi nkhani itathera pa kalata imodzi.

Komabe ndisabise, miyezi isanu ndi itatu ndi yambiri. Mayi amene anagulitsa chimanga kuti mwana apite ku koleji anamuona atangokhala pakhonde. Wokazinga chipisi, wa kabaza, wa nyumba za lendi ku Chikanda, onsewa kasitomala wawo ndi mwana wasukulu yemweyo, ndipo pa tebulo lokambirana analibe mpando. Pamenepa ndipo ndimasiyana nawo pang'ono aphunzitsiwa. Malipiro awo amakamenyera ku khoti, maloya ali nawo. Tomato akaola pa benchi, palibe khoti limene limamubweza.

Tsiku lina akadzafunanso kunyanyala, atumeko munthu kumsika adzatifotokozere chifukwa chake, tisanakapikule katundu wambiri.