Ku Beaulieu kukasaka damper ya Jaguar

Tinanyamuka ku Leicester kusanache, Loweruka lina la mu Seputembala, ine ndi mphwanga amene akuphunzira za uinjiniya kuno ku Mangalande. M'chikwama ndinali nditakulunga m'chiguduli chitsulo chozungulira, kukula kwake ngati mbale yodyera nsima koma cholemera zedi. Chitsulo chimenechi ndicho chinaimitsa ntchito yanga miyezi itatu.

Galimoto yake ndi Jaguar XJ6 ya 1971, ya injini ya malita 4.2. Ndinaigula itakhala zaka zambiri m'shedi ya pa famu ina, ndipo injini ndinaiphwasula yonse mpaka bawuti yomaliza. Mapisitoni ndi ma bearing sizinavute kupeza. Chinandigwira mwendo ndi damper, chitsulo chimene chimakhala kumphuno kwa crankshaft, pafupi ndi pamene pamadutsa lamba wa fani.

Anthu ambiri amachiyesa pule wamba. Chili ndi zigawo zitatu: chitsulo cha pakati chogwira crankshaft, mkombero wolemera wa kunja, ndi mphira wopyapyala womata ziwirizo. Injini ya Jaguar imeneyi, yotchedwa XK, ili ndi masilinda asanu ndi imodzi ondondozana, choncho crankshaft yake ndi yayitali, yogona pa ma bearing akuluakulu asanu ndi awiri, ndipo pisitoni iliyonse imayenda mamilimita 106. Petulo akaphulika mu silinda, crankshaft imapotoka pang'ono ngati chovala chimene mukufinya, kenako n'kubwerera. Diso silingaone. Koma pa liwiro lina kumenya kwa mapisitoni kumagwirizana ndi kupotokako, kumanka nakulirakulira, mpaka chitsulo chimatopa n'kuthyoka. Mkombero wolemera uja umatsalira m'mbuyo pang'ono nthawi iliyonse, mphira n'kumeza mphamvuyo kuisandutsa kutentha. Pa damper yanga mphira anali atang'ambikang'ambika, mkombero utasendera, ndipo pa kamphako ka kiyi panali mng'alu. Popeza zizindikiro za taimingi zili pa mkombero womwewo, zinali zikunama.

Zatsopano zimagulitsidwa, ndipo ndinaitanitsa imodzi kwa wamalonda wina. Inafika ya injini ya zaka zina, zizindikiro zake zili pena. Injini ya XK inapangidwa zaka zoposa 40, ndipo ma damper ake sanali ofanana onse.

Ndisanaganize za ulendowu ndinaimbira foni madala amene anandiphunzitsa umakaniko ku Ndirande. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Mwana wanga, bwanji osangowotcherera mkomberowo kuti usasunthenso?" Funsolo sindinalipeputse. Manja awo ayendetsa malole amene eni ake anali atawataya kale, ndipo zonse zimene ndimadziwa zinayambira pansi pa mtengo umene ankagwirirapo ntchito. Koma ukawotcherera, chitsulocho chimazungulira mooneka bwino pamene ntchito yake yafa, kupotoka konse n'kutsalira mu crankshaft. Nditawafotokozera anakhala chete pang'ono. "Ndiye pitani mukasake," anatero.

Msewu wathu unadzera ku Coventry, kwawo kwa Jaguar. Ndinauza mphwanga kuti galimoto yanga inamangidwa pa fakitale ya Browns Lane mumzinda womwewo, ndiponso kuti mainjiniya William Heynes, Walter Hassan ndi Claude Baily ankakambirana za injini imeneyi usiku, polondera fakitale yawo yakale kuopa moto wa mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Inaonetsedwa koyamba mu 1948 m'galimoto ya XK120, inapambana mpikisano wa Le Mans kasanu m'zaka za m'ma 1950, ndipo inapangidwabe mpaka 1992. Kuchoka apo tinatsata A34, kulambalala Oxford ndi Winchester, mvula yowaza ikutiperekeza. Titalowa m'nkhalango ya New Forest tinachepetsa liwiro, pakuti mahatchi a kumeneko amayenda okha osamangidwa, ndipo amaima pakati pa msewu monga zichitira mbuzi za kwathu.

Dzina la Beaulieu, kumene tinkapitako, eni ake amalitchula kuti Byuli. Lord Montagu anayamba kuonetsa magalimoto akale panyumba pake mu 1952, ndipo lero pali National Motor Museum. Msika umene tinadzera unayamba mu 1967. Ndi kaunjika weniweni, koma wa zitsulo: mabwalo athunthu odzaza matebulo, mahema ndi makatoni, nyali za magalimoto, ma carburettor, mawilo a sipoko, mabuku akale a amakaniko onunkha oilo. Ndinamva Chijeremani, Chifalansa ndi Chidatchi. Anthu okalamba ankakoka tingolo todzaza dzimbiri, nkhope zili mwee.

Damper yoyamba tinaipeza isanakwane 10 koloko. Inali yonyezimira, yopakidwa penti yakuda kumene. Penti imeneyo ndiyo inandikayikitsa, chifukwa inakwirira ndi mphira womwe. Ndinakanda ndi chikhadabo: wouma gwa ngati mtengo, timing'alu tili mbwee pansi pake. Ndinaibweza.

Yachiwiri ndiyo inandiyesa mtima. Inali m'katoni yake yakale, yosamangidwapo pa injini chiipangireni. Mphwanga analumpha. "Amalume, iyi ndiye yatsopanotu! Tengani tizipita." Ndinaigwira nthawi yayitali, ndipo ndinaikhumbadi. Koma mphira sadikira kuti agwire ntchito kuti akalambe. Mpweya ndi zaka zimamuumitsa ali pashelefu pomwepo. Chitsulo cha zaka 50 ndi chitsulo ndithu, pamene mphira wa zaka 50 sungamudalire ndi crankshaft imene wawonongerapo malipiro ako. Mtengo wake unali wa chinthu chatsopano, ndipo ndikanayenera kuchotsa mphirayo basi. Pa pepala la katoniyo panali dzina loti Metalastik, kampani imene inkadziwa kumata mphira ku chitsulo, imene inkapanga ma damper a Jaguar. Fakitale yake inali ku Leicester, mzinda umene tinachokako m'mawa womwewo.

Tinadya titakhala pa udzu, miyendo ili thapsa. Kenako tinasintha kasakidwe. Tinaleka kuyang'ana pamwamba pa matebulo n'kuyamba kugwada, kufukula m'mabokosi a pansi, m'mene amalonda amataya zimene akuona kuti palibe angazifune.

Cha m'ma 3 koloko mphwanga anatulutsa damper yachitatu m'bokosi la mabawuti ndi mapule, pa tebulo la bambo wina wa tsitsi la mbuu amene anali ndi zida za Jaguar zokhazokha. Inali yofiira ndi dzimbiri, mphira wake wophwanyika kuposa wanga. Ndinamasula chiguduli chija n'kuziika ziwirizo pamodzi pa udzu. Ndinayeza ndi vernier: kukula kwa mkombero n'kumodzi, mabowo a pule akulingana, zizindikiro zolembedwa mofanana. Ndinapukuta m'kati ndi petulo, kuunika ndi tochi pa kamphako ka kiyi ndi pamalo potsetsereka pamene pamakhala cone yogwira crankshaft. Panalibe mng'alu, panalibe kudyeka. Mwini wake ataona kuti sindikulabadira mphira koma chitsulo, anamwetulira, nandiuza kuti tsiku lonse anthu akhala akuikankhira pambali. Tinanenerera pang'ono, monga achitira pa msika uliwonse, ndipo tinamvana.

Mphwanga anafunsa m'galimoto chifukwa chimene tayendera maola atatu kukagula chinthu chakufa ngati chimene tili nacho kale. Ndinamuyankha kuti pali amisiri amene amachotsa mphira wakale, kutsuka zitsulo ziwirizo, kuzikhazika m'malo mwake ndi kuthira mphira watsopano. Chimene sangathe n'kuchiritsa chitsulo chong'aluka. Anagona tisanafike ku Newbury, manja ali bii.

Damper inabwerako kwa amisiriwo patatha masabata angapo, mphira wake wakuda, wofewa pang'ono ukadina ndi chikhadabo. Sindinakhulupirire zizindikiro zake ndisanaziyese. A Jaguar amawerenga masilinda kuyambira kumbuyo, choncho ya kutsogolo ndi nambala 6. Ndinaika dial gauge pa pisitoni imeneyo, mphwanga akuzunguliza crankshaft pang'onopang'ono ndi sipanala, mpaka singano inaima pamwamba penipeni. Ndinagwada n'kuunika ndi tochi. Kamzere ka ziro kanali pa nsonga ya cholozera ndendende. Ndinajambula chithunzi n'kutumiza ku Ndirande, kenako tinayamba kumanga bawuti yayikulu yogwira damper.