Limba la ku Blenheim ndi ng'oma za kumudzi

Limba la mapaipi la m'nyumba ya Blenheim Palace, ku Woodstock kuno ku England, linapangidwa ndi Henry Willis mu 1891, chaka chomwe tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinatsegulidwa. Lili kumapeto kwa chipinda chachitali chosungiramo mabuku. Mapaipi ake ndi pafupifupi 2,300, ndipo woyimba amadina mizere inayi ya makiyi ndi zala, mzere wina ndi mapazi. Nyumbayi, momwe anabadwira Winston Churchill mu 1874, ndi ya banja la Duke wa Marlborough, koma alendo amaloledwa kulowa akalipira pakhomo.

Limba lotere limalira ndi mpweya. Mvukuto wachikopa umasunga mpweyawo, ndipo woyimba akadina, kachitseko kamatseguka kunsi kwa paipi. Chikopa chikakalamba chimang'ambika, mpweya n'kumathawa. Mdani wamkulu kuno ndi makina otenthetsera m'nyumba nthawi yozizira, chifukwa amaumitsa matabwa mpaka kuchita ming'alu, kenako paipi imayamba kulira yokha popanda woidina. Nakonso kulisiya osaliyimba kumaliwononga, poti tizitsulo timachita dzimbiri, fumbi n'kudzaza m'kamwa mwa mapaipi.

Mawu ake amatsata nyengo: kukatentha amakwera, kukazizira amatsika. Wokulira kumudzi sadabwa nazo izi, pakuti woyimba ng'oma amaiwamba pamoto kuti chikopa chikungike, kapena kumata phula pakati kuti mawu akule. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'oma imakonzedwa ndi mwini wake gule ali mkati, pomwe limba limadikira mmisiri woitanidwa, wobwera ndi mnzake. Wina amakwera mkati kukasuntha kachitsulo ka pamwamba pa paipi, mnzake ali pansi kudina liwu limodzilimodzi, ntchito yotha tsiku lathunthu.

Ku Malawi malimba a mapaipi ndi osowa. Kumeneko adani ake ndi chiswe, makoswe okonda chikopa, fumbi la mu Okutobala ndi chinyezi cha dzinja, kuwonjezera kuzimazima kwa magetsi komwe kumaimitsa makina opopera mpweya. Amisiri ake ndi ovutanso kuwapeza. Mipingo yambiri imagula kiyibodi ndi zokuzira mawu, zomwe zikafa amazitengera kwa okonza mawailesi kumsika, ndipo magetsi akazima kwaya imapitiriza nyimbo ndi ng'oma ndi zisekese.