Tsiku la Okonza Tcheni pa Chipata cha Chiponde

Chiponde ndi chipata cha m'malire a Malawi ndi Mozambique m'boma la Mangochi, ndipo wochokera kunyanja amafikako atawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi ndi kukwera mapiri a ku Namwera potsata msewu wa M3. Pakati pa maofesi a mbali ya Malawi ndi tauni ya Mandimba, m'chigawo cha Niassa, pali makilomita angapo amene anthu ambiri amawadutsa pa kabaza, yemwe ndi njinga yonyamula anthu ndi katundu molipiritsa. N'chifukwa chake pafupi ndi msika sipasowa okonza njinga, amene mpamba wawo ndi masipanala, nyundo, pulayazi, pampu ndi chitini cha zitsulo zakale.

Ntchito imayamba azana ya m'bandakucha itangomveka m'mizikiti, pamene akabaza amadzera kwa wokonza asanakaime pamzere. Dandaulo la nthawi imeneyi limakhala la tcheni cholendewera, chimene chimaguluka pa kalanka, giya yaikulu imene mapedulo amazunguza. Wokonza amamasula manati a gudumu lakumbuyo n'kulikokera m'mbuyo pang'onopang'ono, mbali zonse ziwiri mofanana, kufikira tcheni chikamakankhidwa ndi chala chapakati pake chizisuntha sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Mmisiri wodziwa samanga manati asanapukuse pedulo kangapo, pakuti kalanka sakhala wozungulira ndendende, ndipo tcheni chothina pamalo amodzi chimalemetsa kupalasa ndi kudya mabelingi.

Dzuwa likakwera, malole atandandalika kudikira a Malawi Revenue Authority, osintha makwacha ndi meticais akuitanira makasitomala, njinga zosenza matumba a chimanga, nandolo ndi makala zimadutsana ndi njinga zamoto, zimene zalanda okwera ambiri m'zaka zaposachedwa. Apa m'pamene amene wapezako ndalama amabweretsa tcheni chatsopano. Kuti tcheni chogulidwa ku Mandimba chimakwana pa njinga ya Hero kapena Avon yochokera ku India, ngakhalenso pa Phoenix ya ku China, si mwayi ayi: kuchoka pa pini imodzi kufika pa inzake pamakhala theka la inchi, amene ndi mamilimita 12.7, ndipo muyezo umenewu ndi umodzi pa njinga pafupifupi zonse za masiku ano. Kapangidwe kake kamachokera ku tcheni chimene Hans Renold anapanga ku Manchester m'chaka cha 1880, chokhala ndi tizitsulo tozungulira timene timagudubuzika pa mano a giya m'malo mokhula. Chosiyana ndi m'lifupi basi, popeza njinga za giya imodzi, zimene akabaza amakonda, zimafuna tcheni chokulirapo, pomwe za magiya ambiri zimafuna chopyapyala.

Tcheni chatsopano nthawi zambiri chimabwera chotalika, choncho chimayenera kuyezedwa pa njingayo. Wokonza amakankhira gudumu kutsogolo, amakoleka tcheni pa kalanka ndi pa fuluwilo, kagiya kakumbuyo kamene kamalola gudumu kuzungulira mapedulo ataima, kenaka amakumaniza nsonga ziwirizo kuti aone podula. Chifukwa mfundo za tcheni zimasinthana, yamkati kenaka yakunja, zimachotsedwa ziwiriziwiri. Chida chokankhira pini chilipo m'masitolo, koma ambiri amangosanjika tcheni pa nati n'kukhoma piniyo ndi msomali wobuntha, njira imene imafuna dzanja losamala, chifukwa nyundo ikapitirira mfundoyo imauma ndipo imadumpha pa giya. Kachitsulo kotsekera mfundo yolumikizira nsonga ziwirizo kamaikidwa mbali yake yotseka itayang'ana kumene tcheni chikupita, kuti kasakodwe n'kuthothoka.

Masana, ambiri atapita kukaswali ndipo msewu wachita zii, wokonza amapeza mpata woyang'ana matcheni akale. Anthu amati tcheni chatalika, koma chitsulocho sichitamuka. Chimene chimachitika n'chakuti fumbi losakanikirana ndi oilo limapera mapini ndi mabowo ake, ndipo timipata timeneti tikaphatikizana tcheni chonse chimaoneka chachitali. Mabuku a umisiri amati mfundo 24 za tcheni chatsopano zimakwana mainchi 12, pafupifupi masentimita 30.5, ndipo zikapitirira ndi mamilimita atatu ndiye kuti chatheratu. Pa Chiponde rula sagwira ntchito kwenikweni: wokonza amangotsina tcheni kutsogolo kwa kalanka n'kuchikoka, ndipo chikanyamuka mpaka dzino kuonekera, chigamulo chadziwika.

Chigamulocho sichikondweretsa mwini njinga, ndipo mikangano yambiri ya chakumadzulo imayambira pamenepa. Wakabaza amene tcheni chamudukira pachitunda, thumba lili pa kaliyala, amafuna kuti wokonza achotse mfundo ziwiri kapena alowetse zina za m'chitini, iye abwerere pamsewu dzuwa lisanalowe. Wokonza amachita zimenezo, pakuti n'zimene munthuyo angakwanitse, koma kufupikitsa tcheni chodyeka kuli ngati katapila, amene amapulumutsa lero n'kudzalanda zambiri mawa. Mipata ya mfundo imakhalabe yotakasuka, tcheni chimakwera pamwamba pa mano n'kuwasongola, ndipo tsiku logula chatsopano chimakatsetsereka pa mano othawo, mpaka mwiniyo kugulanso fuluwilo, mwinanso kalanka. Kumunena wakabaza kuti ndi wosasamala n'kulakwa, chifukwa ndalama ya tsikulo imadikiridwa ndi ufa ndi ndiwo, ndipo ena njingayo ndi yobwereka, yofuna kulipiridwa.

Chakumadzulo, chipata chikayandikira kutsekedwa ndipo ogulitsa usipa akulongedza, njinga zotsiriza zimabwera kudzathiridwa oilo. Wofala ndi oilo wakuda wokhetsedwa m'mainjini, amene okonza njinga zamoto amapereka motchipa, ngakhale kuti amakhala ndi zinyenyeswa za zitsulo ndipo amakoka fumbi. Okonza osamala amayamba atsuka tcheni ndi palafini, n'kudontheza oilo pa mfundo iliyonse, kenaka kupukuta wotsala ndi sanza, popeza wofunika ndi amene walowa m'kati mwa mapini. Mfundo zimene zadulidwa tsikulo sizitayidwa: zabwinoko zimaponyedwa m'chitini, ndipo amene sanalipire amauzidwa kuti adzapereke akapha makwacha a ulendo woyamba wa mawa.