Paipi ya Bambo

Anzanga a m'gulu muno, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mkodzo. Musaseke, ambiri a inu muli ndi bambo kapena malume amene akuvutika nazo mwakachetechete.

Bambo anga ndi mkulu wa mpingo kwathu ku Namitambo. Chaka chatha, nyengo yokolola nandolo, anachezera usiku wonse kutuluka panja ndi kubwerera, osataya madzi ngakhale dontho. Pomwe kumacha, chinena chinali chitauma gwa. Kuchipatala anawalowetsa paipi, thumba n'kudzaza nthawi yomweyo. Anatiuza kuti prostate yatupa. Kameneka ndi kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwamuna akamakalamba kamakula n'kuyamba kufinya njirayo.

Paipi inawapulumutsa, koma inawatsekera m'nyumba. Thumba ankalimangirira pamwendo mkati mwa thalauza, ali cheucheu kuopa fungo. Kutchalitchi anasiya, kumaliro ankatuma amayi, bawo ya pamsika anaiiwala. Miyezi isanu ndi iwiri tinkangopita kukasinthitsa paipi, kudikira tsiku la opaleshoni kuchipatala chachikulu m'tauni, poti madokotala a matenda amenewa m'dziko muno ndi ochepa kwambiri.

Tsikulo litayandikira kunabwera mnyamata, nkhope ngati ya mng'ono wanga. Anagwada pafupi ndi bedi.

"Agogo, ine ndikuphunzira ukatswiri wa matenda a impso, chikhodzodzo ndi njira ya mkodzo, timati urology. Opaleshoni yanu ndipanga ine, aphunzitsi anga ali pambali panga."

Ine mtima unangoti phwii. Miyezi yonseyi tadikira wophunzira? Ndinayankhula mwamwano ndithu, kuti bambo anga si chophunzirirapo.

"Iwe, takhala chete," anatero bambo. "Adokotala, sukulu imeneyi mwakhalamo zaka zingati?"

Anawerenga pa zala. Zaka zisanu za udokotala ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene inatsegulidwa mu 1991 ndipo kuyambira 2021 ili pansi pa KUHeS. Kenako chaka ndi theka kugwira ntchito moyang'aniridwa. Kenako zaka ziwiri za maziko a opaleshoni pansi pa COSECSA, bungwe la madokotala ochita opaleshoni kuno kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa. Tsopano anali m'chaka chachiwiri mwa zitatu za urology. Ndinawonkhetsa chamumtima: nthawi imene iye amayamba, mwana wanga amene ali ku sekondale anali asanalowe Sitandade 1.

Kenako anafunsa bambo ngati ankasambira m'madambo ali mwana, ngati anakodzapo magazi. Bambo anaseka, akuti nthawi yawo mnyamata aliyense ankakodza magazi. Iye sanaseke. Anati likodzo likakhalitsa m'thupi limawononga chikhodzodzo, ena mpaka khansa, choncho akalowa ndi kamera ayang'ananso kumeneko. Pamimba sang'amba ayi. Chida chimadzera njira ya mkodzo yomweyo n'kumapala prostate pang'onopang'ono mpaka njira itatseguka. Dzanja limeneli silizolowera powerenga buku.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinkafuna katswiri, koma ndinkafuna kuti akhale ataphunzirira pa bambo a munthu wina. Inu mukanatani? Ine mpaka lero sindinganame kuti mantha aja anali opanda pake. Chala pa fomu anadinda ndi bambo, ine ndinangoyang'ana kumbali.

Patapita masiku ochepa anachotsa paipi. Bambo analowa kuchimbudzi, ife tili panja ngati tikudikira mwana kubadwa. Anatuluka akupukusa mutu, akumwetulira.

Pano anayambiranso kulalika. Ndikafika kumudzi kuchokera ku Limbe, asanafunse za shuga kapena sopo, amayamba ndi funso lomwelomwelo: "Mnyamata uja analemba mayeso ake?" Ine ndimangoyankha kuti mwina. Ndi mkwiyo wanga uja, ngakhale dzina lake sindinafunse.