Nkhuyu Zodya Ana

Dzivarasekwa ndi dera la nyumba zothithikana kumadzulo kwa mzinda wa Harare. Boma la azungu lidalikhazikitsa kuti muzigona antchito a m'nyumba za ku Mabelreign, Marlborough ndi madera ena oyandikana nawo. Ambiri mwa antchitowo adali ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique, n'chifukwa chake Chichewa chimamvekabe m'misewu yake, ndipo Gule Wamkulu amatuluka pamaliro ngati kuti ndi ku Dedza. Eni dziko amatcha anthuwa Mabhurandaya, kutengera dzina la Blantyre, pamene abale awo kumudzi amawatcha machona. Mayina awiri onsewa amanena kuti munthuyo kwawo n'kwina.

Mwa machonawa mudali mkulu wina wa ku Dedza amene adafika ku Salisbury m'zaka za Chitaganya, nagwira ntchito ya ukhukhi kufikira ukalamba. Kumudzi adapitako komaliza m'zaka za m'ma 1970. Kumeneko adaona anyamata a Youth League, ovala malaya ofiira, atatchinga pachipata cha msika kufuna khadi la chipani cha Malawi Congress. Adaonanso nkhalamba ya msinkhu wa atate ake itakhazikidwa padzuwa ndi kamnyamata kosameta n'komwe. Adabwerera ku Rhodesia akunena kuti dziko limene ana amalanga akulu ndi lolodzedwa.

Patapita zaka, zomwezo zidamupeza pakhomo pake. Mu February 2000 anthu a ku Zimbabwe adakana malamulo atsopano oyendetsera dziko amene boma la Robert Mugabe lidafuna, ndipo mu June chaka chomwecho Dzivarasekwa adasankha Edwin Mushoriwa wa chipani chotsutsa cha MDC kukhala phungu. Mugabe adanyoza anthu a m'tauni obadwa kwa alendo kuti ndi opanda mfunda. Mkuluyo, amene adali Phiri chibadwire, adangopukusa mutu. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa, ndipo ana ndi adzukulu ambiri a machona adasanduka alendo m'dziko limene mchombo wawo udagwera. M'chaka chomwecho boma lidatsegula maphunziro a National Youth Service ku Mount Darwin, pamsasa umene udatchedwa dzina la nduna Border Gezi. Omaliza maphunzirowa anthu adawatcha Green Bombers chifukwa cha yunifolomu yawo yobiriwira, ndipo pofika chisankho cha 2002 dzinali linkatchulidwa monong'ona.

Mdzukulu wa mkuluyo sadapiteko ku Mount Darwin. Adamaliza Fomu 4, nasowa ntchito, nayamba kugulitsa tomato ndi makala pamphepete mwa msewu. Mu May 2005 kudabwera Operation Murambatsvina, imene malinga ndi lipoti la Anna Tibaijuka wa bungwe la United Nations idachititsa anthu pafupifupi 700,000 kutaya pogona kapena popezera chakudya. Benchi yake ya malonda idaphwanyidwa pamodzi ndi kachipinda kamene adamanga kuseri kwa nyumba ya agogo ake. Ogwetseredwa nyumba ankauzidwa kuti abwerere kumudzi. Iye mudzi ankangoumva m'nthano za agogo ake, motero adayala mphasa kukhitchini.

Mu 2008 ndalama ya dzikolo idasanduka mapepala wamba. Boma lenilenilo lidalengeza kuti mu July mitengo idali itakwera ndi maperesenti 231 miliyoni pachaka. Morgan Tsvangirai atatsogola pachisankho cha pa 29 March, achinyamata a ZANU-PF adakhazikitsa misasa m'midzi ndi m'madera a m'tauni pokonzekera chisankho chachibwereza cha pa 27 June. Otsogolera misasayi kawirikawiri adali omenyera ufulu akale ndi ophunzitsidwa aja, koma ambiri odzaza misasa adali anyamata wamba a m'deralo. Kumsasa kudali sadza, mowa ndi tisheti yaulere. Choposa zonse, kumeneko palibe adafunsa mnyamatayo chitupa kapena mfunda. Kwa nthawi yoyamba adamva akutchedwa mwana wa dziko.

Malipiro a ulemu umenewo adali chala chake. Usiku anthu ankatulutsidwa m'nyumba kupita ku pungwe, kukaimba nyimbo za chipani mpaka mbandakucha, ndipo oganiziridwa kuti adavotera otsutsa ankagonekedwa chafufumimba n'kukwapulidwa. Obwera kuchokera kwina sakadadziwa khomo la munthu popanda mwana wokulira mumsewu momwemo. Mnyamatayo adaloza nyumba ya mayi wina, mnansi wawo, amene ankamubereka kumbuyo ali khanda amake akapita kumsika.

M'mawa mwake agogo ake adamuitana. Iye adayankha asadafunsidwe: "Sekuru, ndikapanda kuloza ya eni, aloza yathu. Ife ndani angatiteteze?"

"Mdzukulu wanga," adatero mkuluyo, "chilombo chikathamangitsa anthu chimabwerera kudambwe, ndipo kumeneko kuli akulu ochiweruza. Iwe nkhope yako ili pamtunda, ndipo okutumawo sadzakhala nawe pamlandu."

Mnyamatayo sadaname, pakuti mantha ake adali oona. Koma agogo ake adaona patali. Mabungwe oona za ufulu wa anthu adati anthu pafupifupi 200 adaphedwa m'miyezi imeneyo, mmodzi mwa iwo Tonderai Ndira wa ku Mabvuku. Tsvangirai adatuluka mumpikisano pa 22 June. Pa 15 September iye ndi Mugabe adagwirana chanza, ndipo mu February 2009 adalowa m'boma limodzi. Misasa idatha mwakachetechete, ozengedwa milandu adali owerengeka. Ku Malawi, asilikali atalanda zida a Young Pioneers pa Operation Bwezani mu December 1993, ena adabwerera kumidzi yawo, ena adathawira ku Mozambique. Mdzukulu wa mchona adalibe kolowera. Adatsala mumsewu womwewo, ndipo m'miyezi ya kolera, imene idapha anthu oposa 4,000, ankaima pamzere umodzi wotunga madzi ndi mayi uja, amene tsopano ankayenda motsimphina.

Akale adati nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Mkuluyo adagula nkhuku, navala jekete lake la kutchalitchi, nakagwada pakhomo pa mayiyo. Mayiyo adamudzutsa mwaulemu, nati: "Baba, nkhuku ndalandira chifukwa cha imvi zanu. Koma amene adaloza ndi chala abwere yekha." Mnyamatayo sadapite. Patapita miyezi adakwera basi ya ku Johannesburg, nakhala mchona wa machona, ndipo agogo ake adaikidwa m'manda iye kulibe. Mayi uja adaphika nawo pamaliropo.

Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'mayiko a SADC. Mugabe adachoka pampando mu 2017, ndipo mu 2024 boma la Emmerson Mnangagwa lidayambitsanso maphunziro a achinyamata aja m'dzina lina. Olemba mbiri adzawerenga ophedwa ndi ovulazidwa, ndipo nkoyenera kutero. Koma pali chiwerengero china chimene sichidzalembedwa: cha anyamata amene adagula ufulu wotchedwa eni dziko kwa miyezi itatu, nalipira ndi msewu umodzi wokha umene akadautcha kwawo.