Mzere wa Timagetsi Kumwamba

Mu June chaka cha 2024, ndili patchuthi kumudzi kwathu ku Ntcheu, ndinaona chinthu chimene chinatsala pang'ono kusamutsa gogo wina pamudzi. Dzuwa linali litangolowa, tikuwotha moto pabwalo, pamene mng'ono wanga anakuwa kuti, "Achimwene, taonani kumwambaku!" Timagetsi tambirimbiri tinali titandondozana ngati mikanda pa ulusi, tikuyenda mwakachetechete, ndipo titafika chakum'mawa tinazimirira kamodzikamodzi.

Kutacha, nkhaniyi inali m'kamwam'kamwa pachitsime. Ambiri amati anali afiti akuuluka pa malichero. Popeza mwana wina anali akudwala, chala chinaloza gogo wamasiye amene nyumba yake ili kum'mawa kwa mudzi, komwe timagetsito tinazimirira. Anyamata ena anayamba kukamba zokagwetsa nyumbayo.

Ine ndinali nditawerengapo za masetilaiti a Starlink, amene kampani ya SpaceX inayamba kuwaponya mumlengalenga ambiri nthawi imodzi mu 2019. Roketi ikangowatula, amayenda mothithikana kwa masiku angapo asanamwazikane ndi kukwera patali. Amazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, ndipo kuwala kwawo si kwa nyali ayi. Ife pansi tikakhala mumdima, iwo amakhala akuwombedwabe ndi dzuwa chifukwa ali pamwamba kwambiri. Akalowa mumthunzi wa dziko amazimirira, ndipo madzulo mthunziwo umakhala kum'mawa.

Komatu ndinadziwa kuti kufotokoza kokha sikungathandize, chifukwa ndani angamvere mwana wa sukulu pa nkhani ya ufiti? Ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira netiweki, n'kufufuza pa Heavens-Above nthawi imene masetilaitiwo adzadutsenso. Kenaka ndinapita kwa amfumu, ndinakhala pansi n'kunena kuti, "Mfumu, ndapota nanu, anthu asonkhane madzulo ano. Zija zibweranso nthawi ikangopitirira 6 koloko, kuchokera kumadzulo."

Sindinaopepo mitambo ngati tsiku limenelo. Ndinkadziwa kuti zikapanda kuoneka, manyazi akhala anga koma tsoka ligwera gogoyo, amene anakhala yekha pamphasa kumapeto kwa bwalo. Paja akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi itakwana, kamagetsi koyamba kanatulukira pamwamba pa mitengo, tinzake tikutsatira motalikirana kuposa dzulo lake. Bwalo lonse linati zii. Amfumu anayang'ana kumwamba, anayang'ananso gogoyo ali phee pamphasa pake, ndipo anati, "Nkhaniyi yathera pano."

Si onse anakhutira. Bambo wina anang'ung'udza kuti nayonso sukulu ili ndi matsenga ake. Koma nyumba ija ilipobe.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti mu 1957, dziko la Soviet Union litaponya setilaiti yoyamba ya Sputnik, anthu ambiri amene ankati ayiona anali ataona chigawo cha roketi yake, chomwe chinali chachikulu ndi chowala kuposa setilaitiyo. Kusokonezeka ndi zakumwamba kulibe mtundu. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu, kusokonezeka koteroko kumatha kupweteketsa munthu wosalakwa.

Tsopano ndimasunga kope momwe ndimalembamo tsiku, nthawi ndi komwe chinthu chowala chachokera. Ndikakhala kusukulu, mng'ono wanga ndiye amalemba, ndipo gogo uja akamuona madzulo amamufunsa kuti, "Mdzukulu, lero zidutsa nthawi yanji?"